Mutu 5: Tasila ndi Kabotolo ka Mkodzo

1. Lachisanu la masewela

Tasila Ngulube anali atadikila Lachisanu limeneli kwa miyezi iwili. Timu ya atsikana ya mpila wamanja ya pasukulu pawo, ku Kalindawalo, inali kupita ku boma la Petauke kukapikisana ndi masukulu ena. Tasila anali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo ndiye anali woponya zigoli. Aphunzitsi a masewela anali atanenelatu kuti lole idzanyamuka pa geti la sukulu 12 koloko masana, ndipo sidzadikila munthu.

Koma m'mawa wa tsikulo Tasila anali khale pakhonde, atafukata mng'ono wake Vivian, mwana wa zaka ziwili. Thupi la Vivian linali moto, ndipo ili linali tsiku lachitatu. Sanali kutsokomola, analibe chimfine, sanali kutsegula m'mimba. Anangokana phala, ndipo tiyi amene anamwa anamusanza yense.

Amai awo, a Perpetua, anali oyembekezela. Masiku awo atayandikila, anapita kukakhala ku nyumba yodikililamo amai apakati, pafupi ndi chipatala chachikulu. Kuyambila pamenepo Tasila ndiye anali kumusambitsa Vivian, kumudyetsa ndi kugona naye. Vivian sanali kutha kutchula dzina lonse la mkulu wake. Anali kungoti "Sila".

Atate awo, a Stanislaus Ngulube, anagwila mwanayo pamphumi, napukusa mutu.

"Panado uja wagwila pang'ono chabe," anatelo. "Awa ni malungo. Mubeleke, tipite ku kiliniki lomba."

"Nanga ku masewela, atata?"

"Kiliniki ili pafupi ndi sukulu. Akamulasa chala n'kutipatsa mankhwala, iwe uthamanga."

Tasila anaika yunifomu yake ya masewela m'pepala lapulasitiki, nabeleka Vivian, n'kukwela kumbuyo kwa njinga. Kunali kozizila, mwezi wa Juni, ndipo minda ya thonje inali mbee mbali zonse za mseu.

Atafika anapeza mzele wa anthu wafika kale pamasitepe. A Ngulube anayang'ana dzuwa.

"Ng'ombe ndazisiya m'khola," anatelo. "Ndikazitulutse, ndikazimwetse. Ndibwela isanakwane 12, ndidzamulandile mwana."

2. Si malungo

Nasi wa tsikulo anali Sisita Bernadette Daka, mai wachikulile wa imvi m'mbali mwa mutu. Anali atagwila nchito pa kiliniki imeneyi zaka zambili, moti amai ena amene anali pamzele anawalandila ndi iwo pobadwa.

Anamuyeza Vivian kutentha kwa thupi. Anamulasa chala, nadontheza magazi pa kachipangizo koyezela malungo. Podikila, anamuunika m'makutu ndi kukhosi, namvetsela pachifuwa. Kenaka anayang'ana kachipangizo kaja.

"Malungo palibe," anatelo.

"Ndiye n'chiyani, a Sisita?"

"Tifufuza pamodzi. Iwe ndiwe umamusintha thewela?"

"Inde."

"Akamakodza amalila?"

Tasila anayang'ana pansi.

"Lankhula, mwana wanga. Muno mulibe mau ochititsa manyazi."

"Amalila. Anayamba Lachiwili. Amagwila apa," anatelo Tasila, akuloza kumunsi kwa mchombo. "Ndipo thewela likumanunkha mwamphamvu, osati monga masiku onse."

"Atate ako unawauza?"

"Iyai. Ndinachita manyazi."

Sisita Daka anaika cholembela pansi, natembenuza mpando kuti ayang'anane naye.

"Mvetsela bwino, Tasila. Kuno kwathu mwana akatentha thupi, tonse timathamangila kunena kuti malungo. Nthawi zambili timakhoza, koma si nthawi zonse. Pali matenda ena amene amabisala. Tizilombo timalowa m'njila ya mkodzo, n'kukafika m'chikhodzodzo. Munthu wamkulu amanena yekha kuti pokodza pakuwotcha. Mwana ngati uyu sangathe. Amangotentha thupi, kukana chakudya, kusanza ndi kulilalila. Ana aakazi ndiwo amadwala kwambili, chifukwa njila yawo ya mkodzo ndi yaifupi. Tikachedwa, tizilombo timakwela mpaka ku impso, ndipo impso za mwana zikhoza kutsala ndi zipsela moyo wake wonse. Ndiye chimene waona pa thewela si nkhani yobisa. Iwe ndiwe pakamwa pa mwana uyu."

Anatsegula kabati, natulutsa kabotolo kapulasitiki ka chivindikilo chofiila, kali m'pepala lake.

"Ndifuna mkodzo wake muno. Usambe m'manja ndi sopo. Umutawase ndi madzi oyela, kuyambila kutsogolo kupita kumbuyo. Umuvule thewela, umumwetse madzi, udikile. Akayamba kukodza, madontho oyamba uwasiye agwe pansi, kenaka utchele kabotolo. M'kati mwake musakhudze chala, nsalu kapena thupi lake. Mankhwala sindimupatsa mpaka titatenga mkodzo, chifukwa akamwa kale, zoyeza sizionetsa bwino. Wamva?"

"Ndamva, a Sisita. Zitenga nthawi yaitali?"

"Funsa Vivian," anatelo Sisita akumwetulila.

3. Pansi pa mtengo wa mango

Kuseli kwa kiliniki kunali mpopi ndi benchi pansi pa mtengo wa mango. Tasila anachita zonse monga anauzidwa. Anayala chitenje pansi, nakhazika Vivian pamenepo, n'kumumwetsa madzi pang'onopang'ono ndi kapu.

Inakwana 10 koloko. Vivian anangotsamila mutu pa bondo la mkulu wake.

"Kodza, Vivi. Chonde kodza."

"Sila," anatelo mwanayo, akumugwila khutu monga amachitila akafuna kugona.

Inakwana 11. Tasila anamuimbila nyimbo. Anatsegula mpopi kuti madzi azimveka kutuluka. Anamuimitsa, anamunjutitsa, anamukhazikanso. Palibe chinachitika.

Pa benchi panali mai wina, a Jennipher, amene anali kudikila kuti mwana wawo amangidwe bala. Anali kuonelela mwachisoni.

Mwadzidzidzi kunamveka hutala ya galimoto kumbali ya sukulu, ndi mau a atsikana akuimba nyimbo ya timu. Tasila anaimilila, nasuzumila pa mpanda. Lole inali itafika. Anatha kuona mbendela ya sukulu itamangidwa pa ndodo.

Kumbuyo kwake Vivian anakuwa. Tasila anatembenuka, nathamanga ndi kabotolo, koma anali atachedwa. Mkodzo wonse unali utathela pa chitenje.

Tasila anakhala pansi, misozi ili lengelenge.

"Usalile, mwana wanga," anatelo a Jennipher. "Ukadikila wina, dzuwa likuthela pano. Finya chitenjecho, uthile m'kabotolo. Mkodzo ni mkodzo. Si wa mwana yemweyu?"

"A Sisita anati musakhudze nsalu."

"Adziwa bwanji? Mwana akufunika mankhwala msanga. Ona mmene wafookela."

Hutala inalilanso. Tasila anayang'ana Vivian, nayang'ana ku mpanda. Ananyamula chitenje chija, nachifinya. Kabotolo kanadzaza mpaka pakati. Anatseka chivindikilo, nasamba m'manja.

Nthawi yomweyo atate ake anatulukila, akukankha njinga, thukuta lili kamukamu.

"Zatheka?"

"Si malungo, atata. Anafuna mkodzo. Ndatenga."

Tasila analowa m'chipinda cha Sisita, amene anali otanganidwa ndi wodwala wina. Anaika kabotolo pa thileyi. Anapatsila atate ake mwana, natenga pepala la yunifomu, n'kuyamba kuthamanga.

4. Pa mphambano

Kuchoka pa kiliniki kufika pa geti la sukulu ndi mtunda waufupi. Njila imadutsa m'mbali mwa munda wa nshawa, n'kukafika pa mphambano. Tasila asanafike n'komwe pa mundawo, anamva mau kumbuyo.

"Sila! Silaaa!"

Sanatembenuke. Anathamangabe mpaka pa mphambano. Pamenepo anaima.

Atsikana anali atakwela kale. Mnzake Agness, amene anali woponya zigoli wachiwili, anamuona, nadumpha pa lole, n'kumuthamangila.

"Fulumila, iwe! A Madamu akalipa kale!"

Tasila anali wefuwefu. Anayang'ana manja ake. Kenaka anatambasula pepala lija n'kumupatsa Agness.

"Vala yanga, yako ija inang'ambika. Uwauze a Madamu kuti sindibwela. Vivian wadwala."

"Si atate ako ali naye?"

"Ali naye. Koma pali chimene ndalakwitsa, ndipo ndikuchidziwa ndine ndekha."

"Tasila, taphunzila miyezi iwili!"

"Ukaponye bwino. Usamathamangile, uziyamba wapuma."

Tasila anatembenuka, nabwelela. Ali pakati pa njila anamva lole ikulila, nyimbo ya atsikana n'kumazilala pang'onopang'ono. Anapukuta maso ndi mkono, nayendabe.

5. Kabotolo kachiwili

Anapeza atate ake atakhala m'chipinda cha Sisita, Vivian ali pamiyendo. Sisita Daka anali atanyamula kabotolo kaja, akukayang'ana pa kuwala kwa pawindo.

"Wabwelela?" anafunsa a Ngulube modabwa. "Lole yakusiya?"

Tasila anagwada pafupi ndi chitseko.

"A Sisita, musayeze mkodzo umenewo. Ndinaufinya pa chitenje. Anakodza ine ndikuyang'ana kwina. Ndinafuna kuti ndisatsale."

A Ngulube anatsegula pakamwa, koma Sisita anawakwezela dzanja.

"Nyamuka, ukhale pa mpando," anatelo. "Ndinaona tiulusi tachikasu tikuyandama muno. Ndinali pafupi kufunsa atate ako, koma iwo sakanadziwa choyankha."

Anataya kabotoloko m'chidebe cha zinyalala za chipatala, nasamba m'manja.

"Lomba ndikuuze chifukwa chake. Chitenje chija chagona pa dothi. Chapukuta thukuta lako, chakhudza matako a mwana. Chili ndi tizilombo take. Ndikanayeza, sindikanadziwa ngati ndikuona matenda a Vivian kapena litsilo la nsalu. Ndikanatumiza ku labu, koyezela matenda, akanapeza tizilombo ta pa chitenje, n'kutiuza mankhwala olimbana ndi chitenje, pamene ta m'thupi mwake tikukwela ku impso. Kapena ndikanamumwetsa mankhwala amphamvu mwana amene vuto lake lili pena, ife n'kuleka kufufuza. Ine pano ndilibe maso oona m'kati mwa mwana. Ndimadalila chimene mwandibweletsela ndi chimene mwandiuza. Mukandinamiza, si ine amene ndimavutika. Amavutika ndi uyu, amene sangathe kudzinenela. Ndaona amai akuluakulu akuthila mkodzo wawo m'kabotolo ka mwana chifukwa chotopa kudikila. Ochepa kwambili ndiwo amabwelela kudzaulula. Iwe wabwelela, ndipo ndikudziwa chimene wasiya kuti ubwelele."

Tasila anagwetsa misozi. Vivian anatsika pamiyendo ya atate ake, nayenda mwapendapenda, n'kukakwela pa iye.

"Sila," anatelo, akumugwila khutu.

"Tiyambenso," anatelo Sisita. "Ulendo uno tithandizana tonse atatu."

Anatseka chitseko. Anamumwetsa Vivian madzi ena, nadikila kanthawi akuona odwala awili pakhonde. Atabwelela anamutawasanso mwanayo, namugoneka chagada pa bedi loyezela. A Ngulube anamugwila manja mofatsa, akumunong'oneza. Sisita ananyowetsa kathonje m'madzi ozizila, nayamba kumusisita mozungulila kumunsi kwa mchombo.

"Nthawi zina kuzizilaku kumathandiza," anatelo. "Iwe gwila kabotolo. Maso ako asachoke."

Tasila anagwila kabotolo katsopano ndi manja onse awili. Panapita mphindi zitatu, zinayi. Kunja wina anaitana, koma iye sanacheuke. Kenaka Vivian anakwinya nkhope, nalila. Tasila anasiya madontho oyamba, natchela.

"Basi, zakwana!" anatelo Sisita. "Tseka."

A Ngulube anaseka mokweza ngati munthu amene ng'ombe yake yabeleka. Anamunyamula Vivian, namupukuta misozi ndi chikhatho chawo chokhakhala.

6. Kapepala kosintha mtundu

Sisita Daka anatulutsa kapepala kakang'ono kotalika ngati chala, kokhala ndi timabokosi tamitundumitundu. Anathila mkodzo pang'ono m'kachubu kena, naviikamo kapepalako, n'kukagoneka pa tebulo. Anayang'ana wochi.

"Bwela pafupi, Tasila. Uone wekha."

Patapita mphindi ziwili, kabokosi kamodzi kanasanduka kofiilila, kena kamtundu wa maluwa a mbatata.

"Aka kakusonyeza kuti asilikali a m'thupi akumenya nkhondo m'njila ya mkodzo. Aka kakusonyeza kuti muli tizilombo. A Ngulube, mwana wanu ali ndi matenda a m'njila ya mkodzo. Wotsalawu ndiuika m'bokosi lozizila. Njinga yamoto yonyamula zoyeza ikabwela, upita ku labu ku Petauke, kuti akaone mtundu wa tizilombo ndi mankhwala amene tizilomboto timaopa. Koma sitidikila. Ayamba kumwa lelo."

Anasungunula mankhwala m'botolo, nalikhutchumula, n'kumuonetsa Tasila mzele pa kasupuni. Vivian anakana kulandila kwa Sisita. Anakananso kwa atate ake. Tasila atagwila kasupuni, anayasamula, nameza, nkhope ili tsinya.

"Mankhwala awa amwe masiku onse amene ndalemba," anatelo Sisita. "Mailo kapena mkuja thupi likhoza kuzizila, iye n'kuyamba kusewela. Musanyengeke n'kusiya botolo pawindo. Tizilombo totsala tidzabwelela tili tolimba. Mumumwetse madzi pafupipafupi. Thewela likanyowa, musinthe msanga. Pomupukuta akachita chimbudzi, muyambile kutsogolo kupita kumbuyo, osati kubwezela kutsogolo. Akayamba kusanza chilichonse, akafooka kwambili, akakomoka, kapena thupi likapitiliza kutentha patatha masiku awili, musadikile kuti kuche bwino. Mubwele naye nthawi yomweyo."

Tasila anagwedeza mutu. Kenaka anafunsa ndi mau apansi.

"A Sisita, ndine ndamudwalitsa? Masiku ena ndimachedwa kumusintha ndikamalemba homuweki."

"Iyai, mwana wanga. Matenda awa amagwila ngakhale ana a ife manasi. Iwe ndiwe unaona kuti amalila pokodza. Popanda iwe, ndikanamubweza ndi panado."

A Ngulube anaika dzanja pa phewa la Tasila. Sanali munthu wa mau ambili.

"Nanenso uzindiuza," anatelo. "Ndine tate wako. Za mwana sizichititsa manyazi."

7. Funso la Sisita

Vivian anali atagona kumsana kwa Tasila pamene Sisita anatenga kabuku ka mwanayo ka kuchipatala kuti alembemo za tsikulo. Analemba mizele iwili, kenaka anabwelela masamba a m'mbuyo. Anawelenga, nabwelelanso tsamba lina. Kumwetulila kuja kunachoka.

"A Ngulube, khalani kaye pansi."

Anakhala.

"Ndikuona pano kuti mu Januwale mwana uyu anabwela atatentha thupi, malungo sanapezeke. Mu Malichi chimodzimodzi. Lelo n'kachitatu. Mwina zinali zina, sindinganene motsimikiza. Koma ngati matenda awa akubwelelabwelela, tiyenela kudziwa chifukwa chake. Ana ena amabadwa ndi njila ya mkodzo imene imabweza mkodzo kumtunda, ku impso. Ndikulembelani kalata. Akatsiliza mankhwala, mupite naye ku chipatala chachikulu akamuunike pamimba ndi makina. Sikupweteka, ndipo zikadziwika msanga madokotala amathandiza."

"Tidzapita," anatelo a Ngulube.

"Funso limodzi lotsiliza, chifukwa adzakufunsani kumeneko. M'banja mwanu, kapena kwa amai ake, munakhalapo mwana amene anavutika ndi impso kapena ndi mkodzo ali wamng'ono?"

Tasila anayembekeza kuti atate ake anena kuti iyai. Koma iwo anavula chipewa, nachiika pa bondo, n'kuyamba kuchipindapinda m'mphepete.

"Analipo Josphat," anatelo potsiliza. "Naye zinayamba chonchi. Tinkati malungo."

Sisita Daka analemba mau ochepa pansi pa kalatayo, naipinda, n'kuwapatsa ndi manja awili.

Tasila anali kudziwa maina a abale ake onse, a ku Kalindawalo ndi a kuchimuna ku Luembe. Dzina limeneli anali asanalimvepo.

Atatuluka panja, a Ngulube anaika kalata m'thumba la shati, natseka batani. Anagwila njinga, koma sanakwele.

"Atata," anatelo Tasila, "Josphat ndani?"

Atate ake anakonza kansalu kamene kanali kufunda mutu wa Vivian, kuti dzuwa lisamuwombe.

"Sitikwela, tiyenda pansi," anatelo. "Iwe si woyamba kubadwa m'nyumba mwathu, Tasila. Tiye, ndikuuza m'njila."